Kalata Yopanda Lole

Matipate atangoyamba, ofesi yathu ku Zomba inauzidwa kuti isamukira ku Lilongwe. Ine ndinali kalaliki wosunga mafailo. Lachisanu lina makalata anatuluka. A anzanga ambiri anati *transferred*. Yanga ndi ya anthu ena awiri inati *redeployed*.

Ndinatsegula dikishonale yanga ya kusekondale. Mawu onse awiri ankanena za kuchotsa munthu apa n'kumuika apo. Ndinayang'ananso *posted* ndi *relocated*, onse pachibale. Koma ndinkawadziwa bwana athu. Sankasintha mawu mwachisawawa.

Alamu anga, mlongo wa akazi anga, ankaphunzitsa Chingerezi ku Chirunga. Loweruka ndinawapeza akutsuka galimoto.

"Alamu, matenda anu ndi kukayikira," anaseka. "Kusamuka ndi kusuntha n'zosiyana? Kawapezereni makatoni achemwali anga."

"Nanga bwanji sanatilembere mofanana tonse?"

"Wotayipa anatopa ndi mawu amodzimodzi. Nayenso amafuna kuonetsa kuti anaphunzira."

Kunyumba ku Chinamwali ndinapeza akazi anga akukulunga mbale m'manyuzipepala. Ankafuna kukatsanzika kwa eni nyumba tsiku lomwelo. Nyumbayo tinaipeza movutikira, ndipo panali kale wina amene ankaizungulira. Ndinati tidikire Lolemba.

Paofesi pathu malole anali ochepa. Munthu wosamutsidwa ankayamba walembedwa m'buku la malole, kalata yake isanatayipidwe n'komwe. Lolemba ndinatsikira kugalaja. Dalaivala wamkulu, bambo wachikulire wa kwa Malemia, anali kumwa tiyi atakhala pa tayala. Nditawafunsa za dzina langa, anatsegula buku lija, ananyambita chala n'kutsika nacho tsamba lonse, kawiri.

"Achimwene, inu mulibemo."

"Mwina aiwala."

"Munthu amamuiwala, koma lole ayi. Dizilo amasainira. Kalata yanu ikuti chiyani?"

Ndinawawerengera.

"Chizungu ine ayi," anatero akutseka bukulo. "Ndimadziwa wokwera ndi wotsala basi."

Anzanga awiri aja nawonso munalibe. Ndinawauza.  Mmodzi wa iwo anati ndili ndi mtima wa mfiti, ndipo sabata yomweyo anabweza makiyi a nyumba yake, ana n'kuwatumiza kwa achibale ku Lilongwe kuti akayambiretu sukulu.

Ine ndinati mbale zibwerere m'kabati. Ndinagula mbewu, n'kukalima kamunda kathu m'munsi mwa phiri, kamene tinali titakasiya. Akazi anga anakhala masiku awiri osandiyankhula. Tsiku lachitatu ananditsatira ndi khasu.

Malole ananyamuka. Atatufe tinatsala mu ofesi yopanda mafailo, tikuuzidwa kuti malo athu akufunidwa. Tinkafika m'mawa, n'kusaina, n'kukhala.

Kalata yachiwiri inabwera mvula itakhazikika. Inati *retrenched*, ntchito yatha. Dikishonale sindinaitsegule. Ndinaipinda kalatayo n'kuyenda wapansi mpaka ku Chinamwali. Makiyi a nyumba yathu anali m'thumba, ndipo chimanga chinali chitafika m'mawondo.