Nsanza Zofiira pa Denga la Alamu

Munda umene mayi anandisiyira uli m'mbali mwa Rivirivi, ndipo mtsinjewo umaudya chaka ndi chaka, mzere umodzi kapena iwiri. Nditaona kuti ana anga adzapeza phompho lokhalokha, ndinasiya kulima kumapetoko n'kubzalako mbande za m'bawa kuti mizu idzagwire nthaka.

Amene sanalerepo mtengo pa tsala asandiuze kanthu. Mvula ikangogwa, tsekera amadzuka ngati wamva kuitana. Madzi a pamwamba amamwa ndi iye, dzuwa amatsekereza ndi iye, pofika Febuluwale wakupitirira msinkhu. Kamtengo kako kali pansi apo, kachikasu, masamba anayi, kakulimbana ndi kuzika muzu. Zaka ziwiri ndinkapalira mozungulira kalikonse, ndipo timitengoto tinangofika m'mawondo. Kuti ndizitiona mu udzumo, ndinang'amba chitenje chofiira cha malemu mayi n'kumangirira kansanza pa kamtengo kalikonse.

Chaka chachitatu mwana wanga wamkazi anachira movutikira ku Liwonde, ndiye ndinakakhala kumeneko miyezi itatu. Udzu unapeza mpata, unatseka ponse. Sindinade nkhawa kwambiri, ndinkati ndikabwerera ndikapalira.

Nditabwerera mu Juni ndinapeza kumapeto kwa munda kuli mbee, ngati mutu wometedwa mpala. Ndinagwada n'kuyamba kupapasa. Tizitsa tokhatokha, todulidwa mopendama ndi zenga. Ndinadzuka, osati ndi chisoni iyayi, ndi ukali.

Sindinavutike kufunsa. Kwathu udzu wa pa tsala la m'bale sapempha, umangomweta, ndipo amuna a mng'ono wanga anali atangofolera khitchini yawo. Ndinawapeza akusema mpini pakhonde.

"Alamu, kumunda kwanga kuja mwamweta ndinu?"

"Eya, tsekera wabwino zedi. Ndakuyeretseraninso, mukanapsa ndi moto wa osaka mbewa."

"Nanga mitengo yanga?"

"Mitengo? Iyayi alamu, munalibe mitengo mmene muja. Tizitsamba basi."

Tizitsamba! Munthu womweta ndi zenga amagwira udzu ndi dzanja asanadule. Dzanja limadziwa phesi la udzu, limadziwanso thunthu la mtengo. Ndipo chitsamba chanji chimene chimamera chitavala nsanza? Kwa iwo mtengo ndi umene ungatuluke thabwa kapena thumba la makala. Ukakhala wosafika m'chiuno ndi zinyalala. Ndinayankhula mawu tsiku limenelo oti mng'ono wanga anandinyanyala mpaka nthawi yokolola nandolo, ndipo sindinabweze ngakhale amodzi.

Anthu ankanditonthoza kuti muzu ukadali moyo, timitengoto tiphukanso. Tinaphukadi titatu. Koma Rivirivi sadikira kuti mtengo uyambirenso. Dzinja lomwelo madzi anabwera odzaza, anagumula gombe lonse pamodzi ndi tizitsa tanga, n'kutengaponso mizere inayi ya chimanga.

Khitchini ya alamu ndiye sidontha, anafolera bwino. Njira yopita ku mjigo imadutsa pomwepo, ndiye ndimaiona m'mawa uliwonse ndowa ili pamutu. Chakumanzere kwa khomo, mu udzu wa denga, mukutuluka tinthambi touma ta m'bawa, ndipo pa tiwiri nsanza za chitenje cha mayi zikadali zomangirira momwe ndinamangira.