Pepala Losafuna Kunyowa

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga kufikira tsitsi lonse layera, nandisiyira maso owerengera Mawu ake ndi mutu wokumbukira ana amene anadutsa m'manja mwanga. Sindinali mphunzitsi wa ku koleji ayi. Ndinali wothandizira chabe pa sukulu ina yaing'ono kufupi ndi Vubwi, m'zaka za m'ma 1970. Komabe Iye amene amadyetsa mbalame zosalima anandipatsa nanenso kamunda kanga.

Masiku wamba ndinkaimbitsa ana a giredi wanu ndi kuwagwira dzanja polemba pamchenga. Ikafika Novembala, nyengo ya mayeso a giredi seveni, ntchito yanga inkasintha. Ndinkasongola mapensulo ndi lezala, kutunga madzi akumwa, ndiponso kuperekeza mwana aliyense wofuna kupita kuchimbudzi. Lamulo linali loti wolemba mayeso asatuluke yekha, asalankhule ndi munthu kunja, asalandire kanthu.

Chaka chimene ndikunenachi oyang'anira mayeso anachokera ku Katete. Anali bambo wamtali, wosaseka wamba, amene ankavula wotchi yake n'kuigoneka patebulo ngati dzira. Tsiku loyamba anaimika m'mwamba pepala loyankhirapo, lija la timabokosi todetsa ndi pensulo, nauza anawo kuti likachongedwa ndi makina ku Lusaka. Anati makinawo sadziwa chifundo: pepala lopindika, lamafuta kapena lonyowa amalilavula, ndipo mwini wake walephera. Mnyamata wina anafunsa ngati thukuta nalonso limawerengedwa. Atamva kuti inde, kalasi yonse inayamba kupukuta manja m'makabudula ndi m'madiresi. Ndinatuluka kukasekera kunja.

Pa mzere wachitatu pankakhala mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, katswiri wa masamu amene anyamata ankamuopa. Chaka chimenecho anasowa kuyambira nyengo yozizira, nabwerera mu Seputembala. Kwawo anati ankadwala ndipo ankasamalidwa ndi amayi ake aang'ono kutsidya kwa malire, ku Malawi. Ndinakhulupirira, ndipo ndinamupempherera ngati wodwala.

Masana a tsiku loyambalo linali pepala la masamu. Malata ankalira ndi kutentha. Patapita kanthawi tinamva khanda likulira chapatali, kuseri kwa mitengo ya bulugama. Palibe anasamala, popeza njira ya kuchigayo inkadutsa komweko. Koma mtsikana uja anawerama mwadzidzidzi ngati wabayidwa. Kenaka ananyamula pepala lake ndi dzanja lamanzere, nalitalikitsa ndi chifuwa chake, nalisunga m'malere momwemo. Nditayandikira ndinaona mabanga awiri akuda akukula pa yunifomu yake.

Ndinali nditayamwitsa ana anayi. Sipanafunike wondiuza. Khanda linkaliralo linali lake, ndipo mawere anali atalimva. Ndinkadziwanso lamulo la masiku amenewo: mtsikana akadziwika kuti wabereka, sukulu yake yathera pomwepo, mayeso ali pakati kaya ayi.

Anakweza dzanja, ndipo ndinamuperekeza. Atangodutsa chimbudzi cha atsikana anathamangira m'thengo, ine pambuyo. Tinapeza amayi ake aang'ono atakhala pachitsa, akugwedeza kamwana ka miyezi itatu kamene kanali katakana madzi ndi phala. Mtsikanayo anatembenuka nagwada pamaso panga. Anafuna kulankhula, amayi ake aang'ono nawonso anatsegula pakamwa, koma ndinawaletsa onse awiri.

"Pano pasalankhule munthu. Wololedwa kutulutsa mawu ndi uyu yekha."

Ndinalandira khandalo ndekha, ndinalivula nsalu zonse ndi kuzikutumula, kuti mawa ndikathe kunena ndi mtima woyera kuti munalibe kapepala. Kenaka ndinalipereka kwa amake. Linagwira bere ndi ukali wa munthu amene wadikira mlandu wake nthawi yaitali, ndipo thengo lonse linakhala chete. Mtsikanayo misozi inkangotsika, maso ali kusukulu kumene anasiya masamu ake.

Tili choncho ndinamva kutsokomola. Oyang'anira aja anali ataima patali ndithu, pafupi ndi mtengo wa mbendera, popeza mwamuna waulemu safika kuchimbudzi cha akazi. M'kalasi anali atasiyamo ahedi, mphunzitsi wamkulu wa sukulu yathu. Oyang'anirawo anandikodola, ndipo ndinapita. Anafunsa chimene chatichedwetsa.

Bodza linali pafupi kwambiri. Ndikanangoti mwana watsegula m'mimba, nkhani ikanathera pomwepo. Ndinakumbukira azamba aja a ku Iguputo amene anapulumutsa makanda ndi yankho lokhota, Mulungu nawachitira zabwino. Koma ndinakumbukiranso kuti m'mawa womwewo ndinali nditapempherera anawo kuti alembe moona, osabera. Lilime limene linapempha zoona silinathe kutembenuka. Mumtima ndinangoti Ambuye, mwanayu ndi wanu, ndipo ndinawauza zonse.

Anayang'ana nsapato zawo. Kenaka anafunsa ngati mtsikanayo walankhula ndi munthu. Ndinati ayi. Anafunsa ngati walandira pepala kapena chinthu china. Ndinati walandira mwana yekha, ndipo ndamusecha ndine.

"Mayi, ine ananditumira mayeso," anatero. "M'buku langa la malamulo analetsamo mabuku, mapepala ndi zolemba m'manja. Za khanda mulibe. Koma wataya mphindi khumi ndi ziwiri, ndipo sindimubwezera ngakhale imodzi. Muuzeni afulumire. Ndipo pepala lija lisanyowe."

Ndinabwerera kuthengo chothamanga. Bere limodzi linali litapepuka koma linalo linkadonthabe. Ndinavula duku langa, ndinalipinda kanayi n'kuliika m'kati mwa yunifomu yake, ndipo chitenje changa ndinamufunditsa m'mapewa kuti mabanga abisike. Chikwatiwire ndinali ndisanayendepo pagulu mutu uli pamtunda. Tinalowa m'kalasi chotero: mtsikana wofunda chitenje dzuwa likuswa mtengo, ndi mayi wa mumpingo tsitsi lili poyera, losapesa n'komwe. Ana anadzutsa mitu. Oyang'anira anagogoda patebulo nati amene akufuna kuona tsitsi akalione kwawo, pano tikuona masamu. Mitu yonse inagwa.

Ndinaima kumbuyo kwa mtsikanayo mpaka belu linalira. Ankawerengera pa pepala lapadera mothamanga, akadetsa kabokosi n'kukankhira pepala loyankhirapo kumapeto kwa desiki, kutali ndi thupi lake. Ine milomo inkangoyenda. Sindinapemphere kuti akhoze, ndinkangopempha kuti duku lipirire. Nthawi itatha anali atatsala ndi mafunso atatu. Oyang'anira anatenga pepala lake, naliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, naliika pamodzi ndi ena.

Masiku otsalawo tinachita mwadongosolo. Amayi aang'ono aja ankabwera ndi khanda kunyumba kwanga, kuseri kwa sukulu, ndipo mtsikanayo ankayamwitsa pepala lisanayambe ndi pa nthawi yopuma. Ndinang'amba thewera lakale la mwana wanga wotsiriza n'kupanga tinsalu toika pachifuwa. Amuna anga, amene ankalima thonje ndipo sankalowerera za sukulu, anangoti nyumba yayambanso kununkhira bwino.

Tsiku lachitatu ahedi anatulukira pakhomo mosayembekezeka, napeza khanda lili pamphasa. Anafunsa kuti mlendoyu ndi wa yani.

"Ahedi, mukufunadi kudziwa? Mukafunsanso kachiwiri ndikuuzani."

Anandiyang'ana, nayang'ana khandalo, limene linkayamwa chala chake cha kuphazi. Anati iwo abwera kudzabwereka mpando, ndipo anaunyamula napita. Mpandowo anaubweza mayeso atatha.

Sindikunena kuti zonse tinazichita molungama. Lamulo linalipo, ndipo akuluakulu atatu tinalizungulira. Ndakhala ndikuliika pamaso pa Ambuye zaka zambiri. Chimene ndimapeza ndi chakuti Iye mwini, atabweretseredwa mkazi wogwidwa m'chigololo, anawerama n'kumalemba pansi mpaka onyamula miyala anatha. Mwamuna amene anapatsa mtsikanayo mimba sanatayepo ngakhale mphindi imodzi ya moyo wake, ndipo za iyeyo palibe lamulo linafunsa.

Pepala lomaliza litatha, mapepala anawerengedwa, naikidwa mu envulopu, namatidwa tonse tikuona. Zotsatira zinabwera chimanga chili m'mawondo. Pa sukulu yathu anasankhidwa owerengeka, ndipo mtsikanayo anali mmodzi wa iwo. Anapita ku sekondale yogonera konko, mwana natsala ndi amayi aang'ono aja. M'mawa wa ulendo wake anadzera kwathu ndi kasutikesi pamutu. Tinagwada pakhonde, ndinamupempherera, ndipo ndinamuuza athamange lole ingamusiye.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Ana anu akakhala pa mayeso, a kusukulu kaya a moyo uno, awaikire pambali munthu wamaso ndi wachifundo. Ndipo inunso, tsiku limene mwana wa mnzanu adzagwade pamaso panu, akupatseni lilime loona ndi mtima wofewa. Mtendere wake ukhale pa makomo anu. Ameni.