Mapaipi awiri a mafuta ofiira

Galimoto ndinagula ndine, koma tsiku lomwe inafika pageti mwini wake anasanduka bambo anga. Inali yakale, yaitali msinkhu, yokoka ndi matayala onse anayi, ya otomatiki. Kwathu ku Zengeza 1 bwalo ndi lochepa, choncho inkagona mphuno ili pakhomo, matako ali mumsewu. Kudzionetsera ndinadzionetserako ndithu, sindikana, koma chimene ndinaigulira ndi azakhali anga, achemwali awo a bambo, amene anatsala kufamu komwe awiriwa anabadwira. Basi imakutula pamsewu wa tala, kenako uyende wapansi theka la tsiku mumsewu wa miyala, ndipo mawondo a bambo anali atakana kalekale ulendo wotero. Uthenga unali utabwera woti maso a azakhali akuzima, ndipo akufuna kuona mlongo wawo akadali kupenya. Tinapangana zonyamuka Loweruka.

Lachitatu m'mawa mayi wina amene ankachita lendi chipinda chakuseri anakuwa ngati waponda njoka. Pansi pa galimoto panali chithaphwi chofiira.

“Ropa! Magazi, vasikana! Anthu a jelasi akuchitani chipongwe!” anatero mayiyo, akuthamangira mchere woti awaze.

Bambo anafika ndi ndodo yawo, anaviika chala, n'kununkhiza. Anati si magazi, ndi mafuta a giyabokosi. Anandilozera mapaipi awiri ang'onoang'ono: ina imatenga mafuta otentha kupita nawo ku lediyeta kuti akazizire, ina imawabweza. Imodzi inali itang'ambika cha kutsogolo, pomwe chitsulo chimalumikizana ndi labala.

Bambo anakalambira kukonza mathalakitala kufamu, ndipo kumeneko matenda onse mankhwala ake anali amodzi: mphira ya chubu ndi waya. Anakhala pakampando, anadula chubu cha njinga, anakulunga, anamanga, n'kupukuta m'manja monyadira.

“Thalakitala inalimapo dzinja lonse ndi mphira ngati imeneyi,” anatero. “Tiye tikaiyese.”

Mtima unandiuza kuti ayi, koma chimwemwe chinandipusitsa. Tinathiramo mafuta ena n'kutuluka, mawindo otsitsa, ine ndikuimbira hutala aliyense amene ndinaphunzira naye ndi amene sindinaphunzire naye. Tisanafike n'komwe pamsewu wopita ku Makoni, kunamveka fungo la chinthu chopserera. Ndinaponda moto, injini inabangula, galimoto osasuntha. Kumbuyo kwathu kunali mzere wofiira ngati tadutsa ndi mbuzi yozinga kumene.

Pafupi pomwepo panali poimira makombi, maminibasi akuno, ndipo mahwindi, anyamata oitanira anthu aja, sanadikire kupemphedwa. Asanu anagwira kumbuyo.

“Sisi, ikani giya ya thuu, tikati hoo mutaye kilatchi!”

Ndinawauza kuti injini ikulira bwinobwino, komanso kilatchi mulibe. Sanakhulupirire. Mmodzi analowetsa mutu pawindo, anawerenga zopondera, anapeza ziwiri, n'kuitana anzake kuti adzaone malodza. Ndinaseka mpaka kutsamira chiwongolero. Anatikankha chobwerera mpaka kunyumba akuimba, bambo akuyang'ana kutsogolo ngati sizikuwakhudza. Titafika anangoti mphira za masiku ano n'zabodza. Ine mkwiyo unandigwira pamenepo, pakuti masiku anali atatsala awiri okha.

Mapaipi onse awiri anayenera kuchoka, ndipo kuti achoke munthu anayenera kugona chagada pansi pa galimoto. Bambo sakanatha. Ndinavala ovolosi yawo, ndinapinda miyendo yake katatu, ndinayala katoni n'kukwawiramo. Amayi a mumsewu mwathu anasiya matebulo awo a tomato kudzaona mkazi wa tsitsi loluka dzulo akukwawa ngati buluzi. Ndisanamasule kanthu, bambo anandipatsa ulusi woti ndimange pakamwa pomwe pankalowa paipi yapamwamba, kuti ndisadzasokoneze yopita ndi yobwera. Nati yoyamba inamasuka mosavuta. Yachiwiri inachita makani, kenako inagonja mwadzidzidzi, mafuta otsala n'kundithira m'mutu. Mangongo anga onse anafiira, ndipo msewu wonse unaombera m'manja.

Lachinayi ndinakwera kombi kupita m'tauni, mapaipi akale ali m'thumba la ufa, chifukwa bambo anati chitsulo sugula ndi pakamwa, umayerekeza ndi chinzake. Ndinabwera ndi atsopano, opindika chimodzimodzi, ndi zigubu za mafuta ofiira.

Lachisanu ndinakwawiramonso. Bambo anakokera mpando pafupi ndi tayala ndipo sankaona chilichonse chimene ndinkachita, koma ankamva.

“Siya sipanala! Nati imayamba ndi zala. Ikakana zala, yalowa mokhota, bwerera.”

“Ababa, mwadziwa bwanji kuti ndatenga sipanala?”

“Yalira pa simenti. Ndiwe mwana wanga, ndiwe wopupuluma.”

Ndinabwerera katatu. Kachinayi nati inayenda yokha, mofewa, ndipo ndinakuwa ndili pansi pomwepo. Ndinamanga mbali ya giyabokosi, ndinamanga mbali ya lediyeta, ndinabwezera mapaipi m'timphete tawo kuti asamakhudze chitsulo chotentha. Poyeza mafuta tinakangana. Bambo anati injini izime, monga pa thalakitala. Ine ndinali nditafunsa kwa wogulitsa, ndipo anandiuza kuti ya otomatiki imayezedwa injini ikulira, itatentha. Bambo anati chabwino, galimoto yopanda kilatchi ili ndi malamulo akeake. Tinayala katoni yoyera pansi, injini ikulira, n'kudikira. Sipanagwe dontho. Mayi wa mchere uja analuluta, ine ndinavina ndi ovolosi yomwe, bambo akugogoda ndodo pa simenti.

Loweruka msewu wa kufamu unatigwedeza mpaka mano kuombana. Pakhwawa lililonse ndinkaima n'kusuzumira pansi, pali pouma, n'kubwereramo ndikuimba. Tinalowa m'komboni ya antchito a pafamu dzuwa lili pamutu.

Azakhali anatuluka m'nyumba akutchinga maso ndi dzanja. Ataona chigalimoto chachikulu anapatukira m'mbali mwa njira, manja kumbuyo, mutu pansi, monga ankachitira akamadutsa eni famu. Bambo anatsegula chitseko.

“Achemwali, ndine.”

Azakhali anayandikira mpaka nkhope zinatsala pang'ono kugundana. Anawayang'ana nthawi yaitali, akuwasisita masaya.

“Achimwene, ndakuonani. Mwakalamba bwanji!” Kenako anagwira mpando umene bambo anakhalapo. “Mwabwera mutakhala kutsogolo?”

Anatembenukira kwa ine n'kundiuza kuti bambo anakonza magalimoto otere kuyambira ali mnyamata, koma akamaliza ankakwera kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza. Bambo anali asanandiuzepo zimenezi. Anatsika pang'onopang'ono, anawagwira mkono azakhali n'kuwakweza pampandopo, iwo n'kukakhala kumbuyo.

“Yendetsa, mwanawe,” anatero. “Achemwali sanakhalepo.”

Ndinawazungulitsa komboni yonse kawiri, azakhali akubayibitsa aliyense, ine ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi, msewu osauona bwino.