Laputopu M'ndowa ya Mchenga

"Chotsapo dzanja!"

Mwana wanga wamkazi anadzidzimuka. Chala chake chinali chitatsala pang'ono kufika pa batani loyatsira. Ndinazula chingwe pakhoma osafunsa.

"Ababa, ndingokopera ntchito yanga pa fulashi basi."

"Ayi."

Laputopuyo inali pa matiresi ake, pomwe inkakhala masiku onse. Sinkatsekekanso bwino. Kumimba kwake kunali kutatupa, m'mbali mutang'aluka moti chikhadabo chikanalowa. Ndinayandikiza mphuno. Inkanunkha ngati guluu wa osoka nsapato.

Unali mwezi wa Okutobala. Nyumba yathu ya lendi ku Area 23 ilibe siling'i. Masana malata amakuwotcha mutu uli m'nyumba. Magetsi masiku amenewo ankazima osatsanzika, n'kubwera pomwe afunira. Ndiye mwanayo ankangosiya chingwe chili pakhoma usana ndi usiku, kuti akabwera batire lidzaze. Popita ku koleji ankaifunditsa chitenje kuopa fumbi, monga amachitira mayi ake ndi wailesi ya kanema. Tonse tinkayesa n'kusamala.

M'kati mwake munali ntchito yake yotsiriza ya ku koleji, imene anayamba kulemba mvula isanathe. Sanaisunge kwina kulikonse. Kupsa kwa laputopuyo kukanakhala kupsa kwa chaka chake.

Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale. Ndimakhoma ndowa ndi mbaula. Za makompyuta sindidziwa. Koma batire ndimaliopa. Ndili mnyamata ndinkagwira ganyu pa galaja ina ku Biwi. Mnzanga anaweramira batire la lole likutchajidwa. Linaphulika ngati mfuti. Mpaka lero amayenda ndi diso limodzi.

Nyumba zathu n'zamdadada, denga limodzi. Kuseri kwa khoma kunkagona khanda la aneba.

Ndinatenga ndowa yaikulu imene ndinakhoma dzulo lake. Ndinathiramo mchenga wa pa mulu wa alandilodi.

"Mchenga ulowa m'kati, ababa! Muphe zonse?"

Ankanena zoona. Ndinayala kachidutswa ka lata pamwamba pa mchengawo. Kenako ndinanyamula laputopu ndi manja awiri. Inali yotentha ngati chivundikiro cha poto. Ndinaitsamiritsa m'ndowamo pang'onopang'ono.

Panja mayi aneba ankachapa.

"Aneba, mwasiya mbaula? Mwayamba kugulitsa makompyuta a m'ndowa?"

Sindinaseke. Anandiyang'ana kumaso, n'kuitana ana awo kuti achoke panjira.

Mwanayo anati ku msika wa Chilinde kuli bambo wina wokonza. Tinanyamuka. Pa siteji minibasi inaima, kondakitala atatulutsa mutu.

"Madala, kwerani! Ndowayo ikwera ulere!"

Ndinasuzumira. Munali anthu thothotho, mayi wina ali ndi mwana pamiyendo. Chitseko cha minibasiyo chinali cha mtundu uja chotsegula munthu mmodzi yekha wochidziwa. Ndinapukusa mutu.

"Umphawi si matenda, madala!" anakuwa akunyamuka.

Tinayenda wapansi. Ndowa ndinaigwira motalikitsa ndi mwendo, mkono mpaka kuuma. Dzuwa linali pa liwombo. Mwanayo anatambasula ambulera, osadzifunditsa yekha koma ndowa.

"Yenda kumbuyo," ndinatero.

"Ikatenthedwa ndi dzuwa ndiye ziipiratu."

"Kumbuyo."

Sanamvere. Anatengera mayi ake.

Chimene ndinkaopa sindinamuuze. Nkhope yake inali pamwamba penipeni pa ndowa. Ndikamuyang'ana ndinkaona mnzanga wa ku Biwi uja atagwira kumaso, akugubuduka m'mafuta akuda.

Tikuyandikira Kaliyeka, wa kabaza wa njinga yamoto anatipitirira pafupi kwambiri. Thumba limene ananyamula linagunda ndowa. M'katimo china chake chinalira kuti thwa!

Ndinaika ndowa pansi, n'kumukankha mwanayo. Anagwera m'ngalande youma, ambulera uko. Ine ndinaima pakati pa iye ndi ndowa, nditatseka maso. Ndinadikira.

Sipanachitike kanthu. Utsi panalibe. Mng'alu uja ndiwo unali utakula.

Mwanayo anadzuka chigongono chikutuluka magazi. Anatola ambulera, n'kuifunditsanso ndowa.

Wokonzayo anali bambo wa magalasi, wa kashopu kopapatiza pakati pa wometa ndi wogulitsa zingwe za mafoni. Atationa anayamba nthabwala.

"Abambo, mwabweretsa kompyuta kapena thobwa?"

Atasuzumira m'ndowa analeka kuseka. Anatulutsa tebulo lake panja, pamthunzi. Anauza wometa kuti asunthe benchi la makasitomala. Apo mantha anga anakula. Ndinkafuna andiuze kuti ndine wamantha chabe.

Anamasula tizitsulo ta kumimba mosathamanga. Chivundikiro chinadzikankha chokha. Batire linali lakuda, lofufuma ngati pilo. Sanalikhudze ndi chitsulo. Analinyamula ndi kakhadi ka pulasitiki, pang'onopang'ono, atasiya kupuma. Inenso ndinasiya.

"Ndikanayatsa bwenzi zitatani?" anafunsa mwanayo.

"Mwina palibe. Mwina moto. Ine sindilosera, achemwali." Analigoneka batirelo mumchenga muja. "Imakhala pati?"

"Pabedi."

"Yofunditsa?"

Mwanayo anayang'ana pansi.

"Eya," anatero wokonza. "Magetsi okha sakanalitupitsa msanga chonchi. Koma lodzaza tsiku ndi tsiku, pa matiresi, m'chitenje, kutentha kuno? Chinthuchi chimapumira pansi. Muziika pa tebulo. Likadzaza, nthawi zina muzizula, ligwireko ntchito. Magetsi akazima zulaninso, pobwera amabwera ndi ukali."

"Nanga ntchito yanga?"

"Tiona. Batire lakankha zinthu m'katimu. Sindikulonjeza."

Analumikiza chingwe popanda batire. Anadina batani. Galasi linakhala lakuda.

Mwanayo anagwira malaya anga kumbuyo, monga ankachitira ali wamng'ono tikamawoloka msewu. Wometa uja anazimitsa makina ake n'kubwera kudzaonerera.

Kenako kafani koziziritsa kanayamba kulira m'katimo. Galasi linawala.

"Msanga, achemwali," anatero wokonza. "Pano ilibe batire. Magetsi akangothawa, yazima pompo."

Mwanayo analowetsa fulashi, zala zikuphonya pabowo. Pagalasi panatuluka kamzere kobiriwira, kakukwawa ngati bilimankhwe. Ine za pagalasizo sindinaziyang'ane. Maso anga anali pa babu la m'shopumo. Linaphethira kamodzi. Ndinaluma mano. Linakhalabe loyaka.

Mwanayo anazula fulashi n'kuifumbata pachifuwa.

"Ababa, zonse zilipo! Bwerani mudzaone!"

Magazi a pachigongono chake anali atauma, fumbi litamatirira.

"Ndowayi mundisiyire kaye, abambo," anatero wokonza. "Batire lotere sititaya kudzala. Ndikudziwa kokalisiya."

Ndinayang'ana chinthu chakuda chija chili phee mumchenga. Mwanayo anaitananso, koma sindinafune kuti aone nkhope yanga. Ndinamusiyira ndowa wokonzayo, n'kutembenuka, n'kulowa m'njira ya kunyumba.