Zitini Zinayi za Mkaka wa Tadala

Ndinaganiza zopita ku Joni mu 2011, mkazi wanga Esinati ali ndi pakati. Fodya wa chaka chimenecho anangotisiyira msana wopweteka, ndipo sindinafune kuti mwana wanga woyamba adzafikire m'nsanza. Ndinagulitsa njinga, n'kukwera basi pa Ntcheu.

Ku Durban ndinapeza ntchito ya m'gadeni ku Morningside, kwa mzungu wina amene anali ndi khanda. Chimwana chake chinali chonenepa, masaya ngati mandasi, ndipo chinkamwa mkaka wa m'chitini. Tsono wa m'gadeni amaonera pawindo. Ndinkaona botolo lili m'kamwa mwa mwana, koma ketulo yowiritsira mabotolowo kukhitchini sindinaione.

Ndinkagona ku Greyville, anthu asanu chipinda chimodzi. M'minibasi Chichewa tinkachibisa poopa kudziwika kuti ndife obwera, ndipo foni ikalira unkangoti "Yebo, sharp," n'kudula. Kusungulumwa kumeneko kunandifikitsa kwa Lindiwe, mayi wina wogulitsa zitumbuwa pakona. Sindibisa, ndinachita naye chibwenzi.

Tadala anabadwa mu Seputembala, ine n'kupita kukamuona pa Khrisimasi. Ndinanyamula zitini zinayi za mkaka ndi mabotolo awiri, ndikudzimva kuti bambo ndiye ine. Apongozi, mayi ake a Esinati, anaimba nthungululu. Kwathu amati mwamuna woyenda kumbali asanyamule khanda, angalisemphe, n'kuyamba kuonda mpaka kufa. Ndinkadziwa zimenezo, koma ndinamunyamula ndithu mwana wanga, pakamwa nditatseka.

"Komatu bere likutuluka bwinobwino, bambo a Tadala," anatero Esinati.

"Ana a ku Joni amamwa izi. Iwe uzipumako," ndinamuyankha.

Mawu amenewa amandibwererabe mpaka lero, ngakhale ndili pakati pa anthu akuseka.

Ndinabwerera ku Durban. Mu Febuluwale foni inandipeza m'minibasi, Esinati akuti mwana akutsegula m'mimba. Ndinati "Yebo, sharp," n'kudula. Nditatsika ndinamuimbira kuti asadandaule, ndi mano amenewo. Inatha sabata, yachiwiri, yachitatu, kutsegulako osaleka. Ndalama ndinkatumiza, koma uthenga unali umodzimodzi: liwombo lalowa, maso alowa, khungu lakwinyika ngati la nkhalamba. Tsiku lina apongozi analanda foni.

"Akamwini, mwanayu mwamusempha. Tanenani zoona, kumeneko mukukhala bwanji?"

Ndinakhulupirira pompo, pakuti mlandu ndinali nawodi. Ndinatsanzika Lindiwe ndi mzungu uja tsiku limodzi, n'kuuyamba ulendo.

Ndinawapeza kuchipatala cha boma, kuchipinda cha ana onyentchera. Tadala sankalira n'komwe, ankangoyasamula kakamwa. Namwino, mayi wosaseka ndi munthu, anafunsa zimene mwana ankadya, ndipo Esinati anafotokoza ine ndili pomwepo. Poona kuti zitini zikutha, ankathira kasupuni kamodzi m'botolo lodzaza madzi a pachitsime. Bere linaphwa chifukwa mwana sankayamwanso. Kutsegula kutayamba, anasiya kumupatsa chilichonse kuti m'mimba mupume, n'kumangomupaka mankhwala paliwombo.

"Botolo losawiritsa ndi nyumba ya tizilombo," anatero namwinoyo. "Kutsegula kukapitirira masabata awiri, matumbo amanyuka, chakudya chimangodutsa, ngakhale mkaka wa m'chitiniwo. Mukam'mana chakudya matumbowo sapola, kutsegula kumakula, njala nayo n'kumakula. Mwana wotsegula m'mimba salekedwa kudya. Amayamwitsidwa pafupipafupi, amamwetsedwa madzi a timapaketi ta mchere ndi shuga, ndi mapilitsi a zinki. Mayi, muzimuika kubere ngakhale laphwa, limabwerera. Nanga botololi anakupatsani ndani?"

Esinati anawerama, osafuna kundichititsa manyazi.

"Ndine," ndinatero.

Anayesetsa achipatala aja. Ankamupatsa mkaka wawo wapadera pang'onopang'ono, poyamba ndi kapaipi ka m'mphuno, kenako ndi kapu. Bere la Esinati linayambadi kudontha m'mawa wa tsiku lachinayi, koma masana ake Tadala anatisiya. Pamaliro nsalu ya pachifuwa pa mkazi wanga inali yonyowa, ndipo ndinalephera kumuyang'ana.

Ku Durban sindinabwererenso. Mu 2013 tinabereka Chisomo, amene anayamwa mpaka kuyenda. Naye anatsegulapo m'mimba ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Esinati sanamuchotse kubere, ndipo ankamudyetsa phala lothira nsinjiro ndi dzira, pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, ine nditagwira kapu ya madzi owiritsa. Anachira. Lero ndi chimbalangondo chothamangitsa mbuzi za eni.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi chakuti kumudzi nkhani ya Tadala inatha mosavuta. Ankhoswe anatikhazika pansi, ndinaulula za Lindiwe, anandikalipira, kenako akuti amuna ndi choncho, zapita zapita. Aliyense amadziwa kuti mwana anapita ndi tsempho. Ndinayesa kunena za botolo, koma anandiseka kuti ndikuthawa mlandu. Chinthu chodula, chochokera ku Joni, chingaphe bwanji mwana? Anandikhululukira tchimo limene analidziwa, linalo n'kundisiyira ndekha.

Mabotolo aja ndinaponya m'chimbudzi, koma zitini zinatsala kwa apongozi. M'chimodzi amasungiramo mchere, ndipo alendo akabwera amachionetsa monyadira kuti anabwera nacho akamwini awo. Sabata yatha tinakadya kumeneko. Apongozi anatapa mchere m'chitinimo, pamene pali chithunzi cha khanda lonenepa likuseka, n'kuthira m'ndiwo.

"Akamwini, mukadzapitanso ku Joni mudzatitengereko zina. N'zabwino zitinizi, sizilowa chinyontho."

Esinati anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Ndinangosamba m'manja n'kudzuka, osadya kanthu.