Funso la a Pampu

Mvula ikagwa masiku atatu, dzuwa n'kuwala, nsabwe zimadzuka pa nyemba. Zikatero kupopera mankhwala sikudikira mawa.

Ntchitoyi ndi ya a Pampu. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pa esiteti, poti kwa zaka khumi ndi zinayi pampu sinachoke kumsana kwawo. Amapopera zitheba zokwera ndege kupita kumayiko ozizira. Zowongoka zimapita, zopindika zimatsala. Iwo amatsokomola chaka chonse, koma chifuwacho sichinawalande chizolowezi chofunsa.

Tsiku lina anafunsa kapitawo, amene ndi mlamu wawo, zomwe zinalembedwa pa mgolo wa mankhwala.

"Akuti anapangidwa kwa ogula nyemba zathu. Koma kwawoko analetsa kupopera."

"Analetsa bwanji?"

"Alamu, ndine kapitawo, si ine mgolo."

Sabata yotsatira kunabwera mayi wochokera kudziko lomwelo, kudzaona ngati antchito akusamalidwa. M'mawa aliyense analandira magolovesi ndi chophimba kumphuno, zonunkha upya.

"Akakufunsani, zonse zili bwino," anatero kapitawo. "Mukatsegula pakamwa, ntchito yatha. Ndiye mlongo wanga adzadya mafunso anuwo?"

Mayiyo anapeza a Pampu pakati pa mizere, nsapato zake zitalemera ndi matope. Anafunsa za maola, za madzi akumwa, za chimbudzi. Kapitawo ankamasulira. Potsiriza mayiyo anati, kodi bambowa ali ndi funso?

A Pampu anatsitsa chophimba chija.

"Mufunseni. Kwawoko n'chiyani chinasiyana ndi kuno, nsabwe kapena mapapo?"

"Alamu!"

"Funsani. Sindikukangana naye. Ndingofuna kudziwa."

Kapitawo anayang'ana kumitambo, namasulira. Mayiyo anapempha kuona mgolowo, naujambula mbali zonse. Anati yankho alibe, koma akafunsa. A Pampu anagwedeza mutu. Anamukonda chifukwa sananame.

Galimoto itachoka, kapitawo anayenda ndi thumba kutolera magolovesi.

"Mawa mukaonekere ku ofesi. Ine ndiyesa kunena kuti ndi ukalamba."

"Ukalamba uli ndi inu, alamu. Mwamasulira mawu akunjenjemera ngati mbuzi yonyowa."

Kumadzulo mitambo inali itayambanso kusonkhana, ndipo mizere isanu ndi umodzi inali isanapoperedwe. A Pampu anaona kumene mphepo ikulowera, naipatsa msana. Anayenda mzere ndi mzere mpaka kumalire a munda. Atatero anatsuka pampu katatu, naikoleka pa msomali.