Ulusi wabuluu m'thanki yoyera

Pofika sikisi koloko m'mawa, a Mbarka amakhala ali pakati pa chitunda chochokera kudziwe, chigubu kumanja, china kumanzere. Ndinkawaona pawindo ndikutereka tiyi. Akafika pamkuyu ankatula, kuwongola zala, n'kunyamulanso. Anachita zimenezi tsiku lililonse kwa milungu isanu. Ine ndinkangoti, "Mulungu akupatseni mphamvu, Lalla Mbarka," n'kubwerera ku tiyi wanga.

Nyumba zathu n'zoyandikana kuno ku Oualidia, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ine ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. Iwo atha zaka makumi awiri akutsuka nkhono za oyisitara pafamu ina m'dziwe lathu lamchere. Anabadwira kumtunda, kwa alimi a tirigu, ndipo kuno anabwera ndi ukwati. Amuna awo ali m'mabwato ku Dakhla, amabwera pa Idi pokha. Zala za a Mbarka n'zochekekachekeka, moti utoto wodzikongoletsera wa hina sukhalitsa m'manja mwawo. Nkhonozo sanadyepo ndi imodzi yomwe.

"Chinthu chamoyo, chosaphika, chooneka ngati chimfine?" amatero. "Zimenezo n'za alendo a mumzinda wa Casa."

Mwana wawo Nouhaila ali m'kalasi langa lomaliza, ndipo nzeru ya kafukufuku wathu inali yake. Tinaika mathanki awiri agalasi m'chipinda cha sayansi. M'thanki imodzi timathiramo pulasitiki wopera ngati ufa, inayo imayenera kukhala yoyera, yopanda pulasitiki. Nkhono zimadya posefa madzi, choncho tinkafuna kuti pakatha milungu isanu tizitsegule n'kuona kusiyana kwa zimene zameza. Ntchitoyi inali yopita nayo kumpikisano wa masukulu ku El Jadida. Nouhaila ankafuna kukaphunzira za m'nyanja kuyunivesite, ndipo mpikisanowu anali atauikapo mtima wonse.

Koma nkhono zimafuna madzi am'nyanja atsopano tsiku ndi tsiku. Nditafunsa m'kalasi kuti azitunga ndani, Nouhaila anati, "Amayi amadutsa pomwepa popita kuntchito."

Sadutsa pomwepo. Sukulu ili pamwamba pa chitunda, famu ili kumunsi. Ndinkadziwa, koma ndinangolemba m'kope kuti nkhani ya madzi yatheka. Nkhono makumi anayi anakatipemphera kwa abwana awo ndi iwo omwe. Pachikwangwani chopita kumpikisano panali mayina a atsikana anayi, langa, ndi la ahedi.

Tsiku lotsegula nkhono tinawaitana, chifukwa tonsefe tikanadzicheka. Anabwera ndi kampeni kawo, n'kutsegula zonse mwakanthawi kochepa, uku akutiseka.

"Aphunzitsi, mpeni simugwira ngati choko. Taimani uko."

Nouhaila anaika diso pamaikulosikopu. Nkhono za m'thanki yapulasitiki zinali ndi tizidutswa tathu, monga tinkayembekezera. Koma zinalinso ndi tiulusi tabuluu. Anayang'ana za m'thanki yoyera. Tiulusi tomweto, tambirimbiri. Anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Amayi, madzi aja mumawatani musanabwere nawo?"

"Ndimawasefa, nanga. Ndikubweretsereni mchenga ndi ndere, kusukulu?"

"Mumasefera chiyani?"

"Duku langa labuluu lija. N'lochapa bwino, usaope. Kwathu mkaka timasefa choncho."

"Lija ndi la nayiloni. Nayiloni ndi pulasitiki."

"Pulasitiki ndi jumbo, mwana wanga. Lija ndi nsalu."

"Mwawononga zonse," anatero Nouhaila. "Munangouzidwa kunyamula basi. Anakuuzani ndani kuti muziganiza?"

Mtsikana wina anaseka n'kubisa pakamwa. A Mbarka anapukuta kampeni kawo pamalaya, kukapinda, n'kunena kuti achedwa kuntchito.

Apo m'pamene ndinayenera kulankhula. Milungu isanu yonseyo sindinakhale nawo pansi ngakhale kamodzi kuwauza chimene tikufufuza. Kusefako anawonjezera okha, pofuna kuti za mwana wawo zikhale zaukhondo, ndipo kumawadyera nthawi m'mawa uliwonse. Komanso zigubu zimene ndinkaziona pawindo zija zinali zapulasitiki, ndipo chimodzi ndinawapatsa ndine, chomwe munali mafuta a olivi. Zonsezi zinali pakamwa panga. Chimene ndinanena n'chakuti kwatsala milungu itatu kuti mpikisano uchitike, tikhoza kuyambiranso mofupikitsa.

Madzulo a tsikulo, litatha pemphero la asiri, a Mbarka anagogoda pakhomo panga. Amabweza mbale yanga imene ndinawapatsiramo nyemba dzana lake. Mbale sibwerera yopanda kanthu, ndiye munali buledi wotentha, wovundikira ndi kansalu.

"Kansaluko n'kathonje," anatero. "Ndafunsa."

"Lalla Mbarka, wolakwa ndine. Ndinayenera kunena pamaso pa ana aja."

"Munayenera, inde." Anandipatsa mbaleyo. "Mwanayo sanadye. Wadzitsekera, akulira. Pakamwa pake m'pa bambo ake, koma mutu ndi wanga. Apitabe ku El Jadida?"

"Ngati tiyamba mawa."

"Nkhono ndapempha kale, abwana adandaula koma apereka. Tsono tandiuzani. Zigubu zija nazonso ndi pulasitiki, eti?"

"Inde."

"Ndazilingalira ndili kuntchito. Ine ndiye sindinapite kusukulu. Nanga inu, ndi mabuku onse ali m'nyumbamu?"

Anasuzumira kuseri kwanga, kukhonde kumene ndimasunga katundu wa malemu amayi anga, omwe anthu ankawatcha Hajja.

"Ndowa zachitsulo zimene Hajja ankapita nazo kokasamba kuhamamu zija zikadalipo?"

"Zilipo ziwiri."

"Mundibwereke. Koma ndowa ilibe chotsekera, ukanyamula ziwiri pachitunda paja umafika ndi theka. Mawa madzi am'nyanja adzadzaza m'dziwe isanakwane sikisi, ndipo m'pamene amakhala oyera osafuna kusefa. Muvale nsapato zosaterera, aphunzitsi. Imodzi mudzanyamule inu."